Ophunzira za bizinesi asamangoloweza, azikafikanso pamsika

Chaka chilichonse sukulu zaukachenjede za m'dziko muno zimatulutsa anyamata ndi asungwana ambirimbiri omwe amaliza maphunziro a kayendetsedwe ka bizinesi. Tsiku lolandira madigiri likafika, makolo amalawirira m'bandakucha kuchokera ku Mponela, ku Jenda, ku Luchenza kapena ku Ntaja kukaona ana awo atavala mikanjo. Nthungululu zimamveka, zithunzi zimajambulidwa, ndipo patsikuli aliyense amaiwala kaye za mbuzi zomwe zidagulitsidwa ndi ngongole za kubanki mkhonde zomwe zidatengedwa kuti fizi ikwane.

Chikondwerero chikatha funso limatsala. Kodi mwanayu waphunzira chiyani chomwe angagwiritse ntchito? Atamuika pa golosale ya bambo ake, yomwe yayamba kulowa pansi chifukwa pafupi patsegulidwa sitolo yaikulu, anganene chochita?

Mwa maphunziro omwe ophunzira za bizinesi amatenga, makamaka chakumapeto kwa sukulu yawo, muli limodzi lomwe limayenera kuyankha funso limeneli. Pachingerezi amalitchula kuti strategy. Nkhani yake ndi yoona momwe kampani kapena bungwe limasankhira njira yodzera: ligulitse chiyani, kwa yani, pamtengo wanji, ndipo lisiye chiyani kuti mphamvu zake zisamwazike. Phunziroli ndi lofunika kwambiri koma ndi losavuta kuliphunzitsa molakwika. Nchifukwa chake makolo, ngakhale omwe sadapondeko ku koleji, akuyenera kudziwa zomwe ana awo amaphunzira kumeneko.

Zomwe zili m'mabuku

Mabuku ambiri a phunziroli adalembedwa ku America ndi ku Ulaya. Dzina lomwe wophunzira aliyense amakumana nalo ndi la Michael Porter, mphunzitsi wa ku Harvard Business School, yemwe mu 1979 adafotokoza kuti phindu la bizinesi iliyonse limapanikizidwa ndi zinthu zisanu. Zinthuzo ndi mpikisano wa omwe ali kale pamsika, anthu atsopano omwe angalowe m'bizinesiyo, katundu wina yemwe angalowe m'malo mwa yemwe akugulitsidwayo, mphamvu za ogula, komanso mphamvu za omwe amagulitsa zipangizo kwa mwini bizinesiyo.

Mwini chigayo pamalo a malonda amazidziwa zonsezi ngakhale sadamvepo za Porter. Opikisana naye ndi zigayo ziwiri zomwe zili kuseri kwa msika. Watsopano ndi mphunzitsi wopuma ntchito yemwe wagula chigayo ndi ndalama za penshoni. Cholowa m'malo ndi ufa wa m'mapaketi wa m'sitolo. Ogula ali ndi mphamvu chifukwa mayi akhoza kusenza thumba lake kupita kwina mtengo ukangokwera pang'ono. Pomwe pa magetsi mwini chigayoyo alibe chonena, popeza wogulitsa ndi mmodzi yekha, Escom.

Palinso chida china chotchuka, chomwe amati SWOT, pomwe wophunzira amandandalika mphamvu za kampani, zofooka zake, mwayi womwe ulipo ndi zoopsa zomwe zingabwere. Zida zimenezi zilibe vuto, ndipo zimathandiza munthu kuganiza mwadongosolo. Vuto limabwera phunziro likathera pomwepa. Wophunzira amaloweza mfundo zisanu, n'kuzilemba pamayeso, n'kukhoza bwino, kenaka n'kutuluka ndi chithunzi choti njira ya kampani imabadwira m'chipinda cha misonkhano. Amaganiza kuti akuluakulu amapita ku hotela ya kunyanja kwa masiku atatu, n'kubwerako ndi chikalata cha zaka zisanu, ndipo antchito amangotsatira. Mbiri ya makampani ambiri opambana ikusonyeza kuti zinthu siziyenda choncho.

Nkhani imodzi, mafotokozedwe awiri

Nkhani ya kampani ya Honda ya ku Japan ndi yothandiza apa chifukwa idafotokozedwa kawiri, ndipo mafotokozedwe akewo ndi osiyana kwambiri.

Mu 1959 Honda idatsegula ofesi mumzinda wa Los Angeles ku America kuti izigulitsa njinga zamoto. Pasanathe zaka khumi idali italanda msika kwa makampani a ku Britain ndi a ku America komweko. Boma la Britain, poona kuti mafakitale ake a njinga zamoto akufa, lidalemba ntchito akatswiri a kampani ya Boston Consulting Group kuti afufuze chomwe chidachitika. Lipoti lawo lidatuluka mu 1975. Lidati Honda idachita kukonzekera. Idayamba ndi tinjinga ting'onoting'ono, n'kumapanga tambirimbiri kuti mtengo wopangira kamodzi utsike, n'kumagulitsa kwa anthu wamba omwe makampani ena sankawalabadira, kenaka n'kukwera pang'onopang'ono mpaka kufika pa njinga zikuluzikulu. Nkhaniyi idalowa m'makalasi ngati chitsanzo cha mapulani ochenjera.

Patapita zaka zingapo, Richard Pascale, mphunzitsi wa ku Stanford, adapita ku Japan n'kukhala pansi ndi akuluakulu a Honda omwe adagwira ntchitoyo ndi manja awo. Zomwe adamuuza adazisindikiza mu 1984. Anthuwo adati adapita ku America ndi cholinga chogulitsa njinga zikuluzikulu poganiza kuti anthu a kumeneko amakonda zinthu zazikulu. Mpamba wawo udali wochepa chifukwa panthawiyo boma la Japan linkaumira ndalama zakunja. Lidawalola kutulutsa katundu ndi ndalama zokwana madola 250,000, koma ndalama zogwira m'manja zidali madola 110,000 okha. Ankakhala m'nyumba imodzi ya lendi, ena akugona pansi. Njinga zikuluzikuluzo zitayamba kugulidwa zidayamba kudontha oilo ndi kuonongeka, popeza ku America anthu amayenda mitunda italiitali komanso mothamanga kuposa ku Japan.

Tinjinga tating'ono, totchedwa Super Cub, ankangokwera okha popita kukagula zinthu mumzindamo. Anthu adayamba kutitengera chidwi, mpaka wogula katundu wa masitolo akuluakulu a Sears adawaimbira foni. Poyamba adazengereza poopa kuti tinjingato tinyozetsa dzina la Honda pamaso pa okonda njinga zamphamvu. Koma zikuluzikuluzo zitavuta adalibenso pothawira. Adayamba kutigulitsa, ndipo omwe adabwera kudzaoda adali eni masitolo a zipangizo zamasewera, anthu omwe Honda sidawaganizireko n'komwe. Mu 2017 kampaniyi idalengeza kuti yapanga ma Super Cub okwana 100 miliyoni.

Mafotokozedwe onse awiri ali ndi choonadi chake. Honda idalidi ndi fakitale yopanga njinga zabwino pamtengo wotsika, ndipo popanda zimenezo mwayi uja ukadangodutsa. Koma chomwe chidaipulumutsa ku America n'chakuti anthu ake omwe adali pamsika adaona kuti mapulani alephera, adanena, ndipo mabwana awo ku Japan adamva n'kusintha. Wophunzira yemwe wangomva mbali yoyamba adzakakamira chikalata ngakhale malonda akufa. Yemwe wamva mbali zonse adzadziwa kuti ntchito ya bwana ikuphatikizapo kumvera dalaivala, kalaliki ndi wogulitsa pakauntala, chifukwa iwowa ndi omwe amayamba kuona mphepo ikasintha.

Chitsanzo china chili pafupi, ku Kenya. Mu 2005 makampani a Vodafone ndi Safaricom adayamba kuyesa njira yoti anthu omwe adatenga ngongole ku bungwe lobwereketsa ndalama la Faulu azibweza ngongolezo kudzera pafoni. Oyendetsa ntchitoyo atayang'ana momwe anthu ankaigwiritsira ntchito adapeza zina. Anthu ankatumizirana ndalama okhaokha, ena ankalipirira katundu, ena ankasungamo ndalama poopa akuba paulendo. M-Pesa itakhazikitsidwa m'mwezi wa Malichi 2007, uthenga wake waukulu udali wotumiza ndalama kwa abale kumudzi. Bizinesi yomwe lero ikufanana ndi Airtel Money ndi Mpamba idapeza njira yake pomvera makasitomala omwe ankaigwiritsa ntchito mosiyana ndi momwe eni ake adakonzera.

Henry Mintzberg, mphunzitsi wa pa McGill University ku Canada, adalemba zambiri pa mfundoyi. Iye pamodzi ndi James Waters adafotokoza mu 1985 kuti njira yomwe kampani imatsata pamapeto pake imachokera mbali ziwiri: ina imakhala yochita kukonza, ina imatulukira m'kati mwa ntchito. Phunziro lomwe likuphunzitsa mbali yoyamba yokha lapereka theka la zomwe makolo adalipirira.

Nkhani zakuno zili kuti?

Harvard Business School, yomwe idatsegulidwa mu 1908, idatchuka ndi kaphunzitsidwe kogwiritsa ntchito nkhani zenizeni za makampani. Wophunzira amawerenga zomwe kampani ina idakumana nazo, kenaka m'kalasi amafunsidwa kuti akadakhala bwana akadachita chiyani, anzake n'kumamutsutsa. Njirayi idafala padziko lonse, ndipo pamodzi nayo padafalanso nkhani za makampani a kunja monga Kodak ndi Nokia.

Kuphunzira za Kodak n'kwabwino. Kampaniyi idapanga kamera yosafuna filimu mu 1975 m'nyumba mwake momwe, koma idapitiriza kudalira malonda a filimu mpaka idalengeza mu 2012 kuti yalephera kubweza ngongole. Mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi, choncho wophunzira wa ku Malawi azidziwa za kunja. Koma iyeyu akamaliza sukulu akagwira ntchito ku Limbe, ku Kanengo kapena ku Mzuzu, ndipo kumeneko mafunso ndi ena.

Nkhani zakuno zoti n'kuphunzitsira zilipo zambiri. Masitolo a PTC adali pafupifupi m'boma lililonse kwa zaka zambiri, ndipo mabanja ambiri adagulako shuga, buledi ndi sopo. Mu 2001 Shoprite idatsegula sitolo ku Chichiri mumzinda wa Blantyre, ndipo m'zaka zotsatira masitolo ena adachuluka m'matauni. Mu 2022 Press Corporation idagulitsa PTC, ndipo posakhalitsa masitolowo adatsekedwa ngongole zitakula. Apa pali mafunso okwanira teremu yonse. Kodi kukhala ndi masitolo ambiri m'madera akutali kudali mphamvu kapena katundu wolemera? Kodi kampaniyo ikadasankha gulu liti la ogula? Nanga ndi liti pomwe zizindikiro zidayamba kuoneka, ndipo adaziona ndani?

Air Malawi idathetsedwa mu 2013, ndipo m'malo mwake mudabwera Malawian Airlines yomwe idayamba maulendo mu 2014, kampani ya Ethiopian Airlines itatenga magawo 49 pa 100 aliwonse. Admarc, yomwe idakhazikitsidwa mu 1971, yakhala ikukokedwa mbali ziwiri, kupanga phindu ndi kuthandiza osauka kupeza chimanga chotsika mtengo, ndipo mu 2022 boma lidaimitsa ntchito zake kuti likonze zinthu. Wophunzira yemwe walimbana ndi nkhani ya Admarc adzamvetsa kuti bungwe lopatsidwa zolinga ziwiri zotsutsana limavutika ngakhale litakhala ndi antchito akhama.

Palinso zinthu zomwe mabuku a kunja sakamba kwambiri pomwe kuno ndi zatsiku ndi tsiku. Mphamvu ya kwacha idatsitsidwa ndi 25 peresenti m'mwezi wa Meyi 2022, n'kutsitsidwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Wamalonda yemwe adagulitsa katundu wake wochokera kunja pangongole, masiku ochepa izi zisanachitike, adapeza kuti ndalama zomwe watolera sizingagule katundu wofanana ndi yemwe adatuluka m'sitolo. Namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 adadula misewu ndi milatho m'chigawo cha kummwera. Kodi mapulani a zaka zisanu amalembedwa bwanji pamalo pomwe mtengo wa dola, mafuta ndi mvula zikhoza kusintha zonse m'sabata imodzi? Funso limeneli likuyenera kukhala pakati pa phunziroli.

Zovuta zilipo

Aphunzitsi a m'sukulu zaukachenjede ali ndi zifukwa zomveka zomwe angapereke. Makalasi ena ndi akulu kwambiri, ndipo kukambirana nkhani ndi anthu ochuluka nthawi imodzi si chinthu chapafupi. Kulemba nkhani yophunzitsira kumafuna nthawi, ndalama zoyendera ndi chilolezo cha kampani. Eni mabizinesi ambiri safuna kuonetsa mabuku awo, ena poopa opikisana nawo, ena poopa kuti zomwe anena zikafika kwa okhometsa msonkho. Ndipo mphunzitsi amakwezedwa pantchito makamaka chifukwa cha kafukufuku wosindikizidwa m'mabuku a akatswiri, choncho alibe chomukoka kuti ataye miyezi akulemba za fakitale ya mafuta ophikira.

Zonsezi n'zoona, koma sizitseka njira. Makampani omwe ali pa Malawi Stock Exchange, msika womwe udayamba malonda mu 1996 ndi kampani ya Nico, amasindikiza malipoti awo chaka ndi chaka, ndipo aliyense akhoza kuwawerenga. Malipoti a zaka khumi a Illovo, TNM, National Bank kapena Sunbird, akaikidwa pamodzi ndi zomwe manyuzipepala adalemba, ndi pokwanira poyambira. Mabizinesi ang'onoang'ono akhoza kulembedwa mayina atabisidwa. Akuluakulu a sukulu monga Mubas, yomwe idachoka pansi pa University of Malawi mu 2021 ndipo dzina lake lomwe likutchula za bizinesi, ali ndi mphamvu zonena kuti kulemba nkhani zophunzitsira kuziwerengedwa pokweza aphunzitsi.

Ena anganene kuti nkhani zolembedwa n'zokwanira. Mintzberg yemwe uja adatsutsa zimenezi m'buku lake la mu 2004, Managers Not MBAs. Dandaulo lake lidali lakuti munthu yemwe sadayendetsepo kanthu akazolowera kugamula za kampani atangowerenga masamba ochepa, amatuluka ndi kudzikhulupirira kopitirira zomwe akudziwa. Chenjezo limeneli likukhudza kwambiri achinyamata omwe amalowa koleji atangochoka ku Fomu 4. Nkhani zolembedwa zikuyenera kuyendera limodzi ndi kufika pamalo pomwe malonda akuchitikira.

Chomwe chingachitike

Ophunzira ambiri amapita kale kukaphunzira ntchito m'makampani asanamalize sukulu, koma wophunzira wotere sapatsidwa mpata wokhala nawo pomwe akuluakulu akusankha njira. M'mabizinesi ang'onoang'ono mwayiwo ulipo, chifukwa wosankha njira ndi yemweyo waima pakauntala.

Sukulu zikhoza kugawa ophunzira a chaka chomaliza m'magulu a anthu anayi kapena asanu, gulu lililonse n'kulipatsa bizinesi imodzi yoti liziitsata kwa teremu yathunthu. Ikhoza kukhala kopaletivi ya alimi a mkaka ku Bvumbwe, ya mpunga ku Karonga, sitolo ya zipangizo zomangira ku Balaka, kapena gulu la akabaza pa Dedza. Ulendo woyamba afunse mwini wake zomwe akufuna kuchita m'miyezi itatu ikubwerayo. Ulendo womaliza aone zomwe zachitikadi, ndipo afotokoze chifukwa chake zasiyana. Pamenepo adzaona ndi maso awo zomwe anthu a Honda adaona ku Los Angeles.

Malikisi aziperekedwa poona kaganizidwe ka wophunzira ndi umboni womwe wabweretsa. Azifunsidwanso kufotokoza malangizo ake kwa mwini bizinesiyo m'Chichewa, m'Chitumbuka kapena m'Chiyao. Munthu yemwe sangathe kufotokozera mayi wogulitsa kaunjika chifukwa chake ayenera kusiya kuoda nsapato n'kulimbikira zovala za ana, ndiye kuti mfundoyo sadaimvetse, wangoloweza mawu achingerezi.

M'kalasi muziitanidwanso anthu omwe mabizinesi awo adagwa. Opambana amakonda kufotokoza mbiri yawo ngati kuti zonse adazidziwiratu, pomwe yemwe adataya minibasi zitatu amakumbukira bwino tsiku lomwe adalakwitsa. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Nkhaniyi ikupitirira mabizinesi. Omwe akuphunzira lerowa ndi omwe mawa adzalembe mapulani a maunduna, makhonsolo, zipatala ndi mabungwe omwe si aboma. Dziko lino lidakhazikitsa Vision 2020 mu 1998 ndi cholinga choti pofika 2020 likhale pagulu la maiko opeza bwino pang'ono. Chakacho chidafika cholingacho chisadakwaniritsidwe, ndipo mu Januwale 2021 padakhazikitsidwa masomphenya ena a Malawi 2063. Anthu odziwa kulemba zikalata zokongola aliko kale. Omwe akufunika kuwonjezera ndi odziwa kutsata chikalatacho mwezi ndi mwezi, kuona pomwe chasemphana ndi zomwe zili pansi, n'kukhala ndi mtima wouza bwana kuti apa tisinthe.

Makolo nawo ali ndi gawo lawo. Mwana akabwera ku holide, amuonetse kope la ngongole ndi la katundu wolowa ndi wotuluka. Amufunse chifukwa chake sopo akutha msanga koma phindu silikuoneka, kapena ngati n'kwanzeru kutsegula okala yachiwiri kumsika wa Lachisanu. Akhoza kuyankha molakwa, koma adzabwerera kusukulu ndi mafunso enieni ofunsa mphunzitsi wake. Kholonso likhoza kutolapo nzeru, chifukwa ambiri ochita malonda sasiyanitsa ndalama za bizinesi ndi za pakhomo, ndipo apa mwana wophunzira akhoza kuthandiza tsiku lomwelo.

Fizi ya kusukulu yaukachenjede imatuluka m'thukuta la mabanja omwe amadzuka tsiku lililonse kukapikisana pamsika. Mabanja amenewa ali ndi ufulu woyembekezera kuti sukulu zomwe zikulandira ndalamazo ziphunzitsa ana awo za msika womwewo. Akuluakulu a sukuluzi atsegule zipata kuti ophunzira atuluke ndipo amalonda alowe, ndipo ayambe ndi kalasi yomwe ikumaliza chaka chino.